Funsani za Masewera: Otsetsereka pa Mitumbira ya Sinowo

Makalata a mwezi uno achokera m'boma la Kasungu, ndipo onse akufunsa za masewera amodzi amene ambiri mwakhala mukuwaona pa kanema ndi pa foni, mpikisano wa moguls.

Funso: Ndinaona pa kanema anthu atamanga timatabwa titalititali kumapazi akutsika phiri loyera lodzaza ndi mitumbira ngati munda wa mbatata, kenako n'kuuluka m'mwamba. Kodi masewerawa ndi otani, nanga mitumbirayo imamera yokha? Wowerenga wa ku Santhe.

Yankho: Mwaona bwino bambo, ndipo mawu anu akuti mitumbira ndi amene tigwiritse ntchito. Choyeracho ndi sinowo, chimene ena amati chipale chofewa, timatabwato ndi ma ski, ndipo mitumbirayo ndiyo ma mogul, dzina lochokera ku Chijeremani cha ku Bavaria ndi Austria lotanthauza kaphiri kakang'ono. Paphiri lotsetsereka pamene anthu ambiri amakhotera malo amodzimodzi, ma ski amakankhira sinowo pambali, ndipo pakapita masiku mitumbira imatuluka yokha, monga msewu wafumbi umachitira mabampu magalimoto akachuluka. Koma ya pampikisano amachita kuumba. Chigalimoto chokankha sinowo chimaunjika milu m'mizere, anthu a mafosholo amaikonza, kenako osewera amatsikapo kangapo kuti njira ikhazikike. Kuchoka pamtumbira wina kufika pa unzake ndi pafupifupi mamita atatu ndi theka.

Bwalo lake limatalika pakati pa mamita 200 ndi 270, kawirikawiri cha m'ma 250, ngati mabwalo a mpira awiri ndi theka. Limapendekeka cha m'madigiri 28, kutanthauza kuti pa mamita awiri aliwonse amene munthu wayenda, watsika pafupifupi mita imodzi. Pali malo awiri odumphira, amodzi chakumtunda, ena chakumunsi, ndipo pakati pawo ndi pamene pali mitumbira yambiri. Amuna odziwa amamaliza zonsezi pa masekondi 23 mpaka 25.

Bungwe loyang'anira masewera a ski pa dziko lonse lapansi ndi FIS, lomwe mu 1980 linayambitsa mpikisano wa World Cup wa freestyle, gulu la masewera a ski okhala ndi kudumpha ndi zipidigoli, mmene mulinso moguls. Ku Olimpiki, moguls anayamba ngati chionetsero chabe ku Calgary mu 1988, ndipo mamendulo oyamba anaperekedwa ku Albertville mu 1992, pamene golide anapita kwa Edgar Grospiron wa ku France ndi Donna Weinbrecht wa ku America.

Funso: Ndimaphunzitsa masamu, ndipo chandizunguza ndi ichi. Wina anachita chipidigoli chokongola kuposa onse koma sanapambane. Winanso anafika msanga kumunsi koma anakhala wachinayi. Majaji amawerengera bwanji? Mphunzitsi wa ku Mtunthama.

Yankho: Aphunzitsi, chimene maso a woonera amathamangira si chimene chili ndi malikisi ambiri. Pa malikisi 100, okwana 60 ndi a makhotedwe pa mitumbira, 20 ndi a kudumpha, 20 ndi a liwiro. Kale zinali 50, 25 ndi 25, koma atatha masewera a Olimpiki a 2014 anawonjezera gawo la makhotedwe, ndipo anachita bwino, chifukwa luso lenileni la masewerawa lili pamenepo.

Majaji amakhala asanu ndi awiri. Asanu amayang'ana makhotedwe okha, aliyense amapereka malikisi osapitirira 20, kenako amataya apamwamba kwambiri ndi otsika kwambiri n'kuphatikiza atatu otsalawo. Chimene amafuna kuona ndi ichi. Wosewera atsate mzere umodzi wolunjika kumunsi, njira imene madzi akanadutsa atawathira pamwamba, osasinthasintha. Miyendo ikhale yogundana. Pokwera mtumbira apinde mawondo kuti akwere cha kuchifuwa, ndipo akangodutsa pansonga atambasule miyendo msanga, akukankhira nsonga za ma ski pansi kuseri kwa mtumbirawo, kuti ma ski asalekane ndi sinowo. Kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba thupi likhale chilili, chifuwa chitayang'ana kumunsi, manja patsogolo, ndodo ziwiri zimene wagwira zikungogunda pansi pang'ono ndi mphamvu ya padzanja. Taganizani mayi amene wasenza ndowa yodzaza madzi akudutsa mopingasa m'munda wa mizere ikuluikulu. Miyendo ndi chiuno zikugwira ntchito yonse, koma pamutu madzi sakutayika. Jaji akufuna zomwezo, kungoti wosewerayo akuthamanga mamita oposa khumi pa sekondi.

Zolakwika zambiri zimayamba ndi kuchedwa kutambasula miyendo. Ukachedwa, mtumbira umakuponya m'mwamba, umakatera pamaso pa mtumbira wotsatira, thupi limagwera kumbuyo, ndipo nsonga za ma ski zimadzuka. Munthu amene wakhalira kumbuyo sangathenso kukhota bwino, choncho liwiro limakula, miyendo imatayana, ndipo kuti adzipulumutse amakwekwereza ma ski cham'mbali kapena kulumphira mzere wina. Chilichonse mwa izi jaji amachotsera malikisi, ndipo kugwira pansi ndi dzanja kapena kugwa amachotsera ambiri. Malo oopsa kwambiri ndi mitumbira itatu kapena inayi yoyamba munthu akangotera podumpha koyamba, chifukwa amafikapo ndi liwiro lalikulu thupi lisanakhazikike. Mukamaonera, yang'anani pamenepo, mipikisano yambiri imathera pamenepo.

Majaji awiri otsalawo ndi a kudumpha. Kudumpha kulikonse amakupatsa malikisi a kaonekedwe osapitirira 10, poona kanyamukidwe, kutalika, kawongoledwe ka thupi ndi kateredwe, kenako amachulukitsa ndi nambala ya kuvuta kwa mtundu wa kudumphako. Cork 720 ndi kuzungulira kawiri thupi litapendekeka, cork 1080 ndi katatu, back full ndi chipidigoli cha kumbuyo chophatikiza ndi kupotoloka kamodzi. Kudumpha kovuta kochitidwa mosalongosoka kumatha kupeza malikisi ochepa kuposa kosavuta kochitidwa mwaukhondo, ndipo lamulo limafuna kuti kudumpha kwachiwiri kusiyane ndi koyamba. Kalelo zipidigoli zinali zoletsedwa, mapazi samaloledwa kupitirira mutu. Jonny Moseley wa ku America, amene anatenga golide ku Nagano mu 1998, anabwera ku Salt Lake City mu 2002 ndi kudumpha kozungulira kawiri atagona cham'mbali, kongolambalala lamulolo, ndipo anakhala wachinayi. Pasanapite nthawi lamulolo linasinthidwa.

Liwiro lilibe jaji, ndi masamu enieni, ndipo apa ndi panu aphunzitsi. Choyamba amapeza nthawi yoyezera pogawa kutalika kwa bwalo ndi liwiro loikika, lomwe kwa amuna ndi mamita 10.3 pa sekondi. Bwalo la mamita 250 limapereka masekondi 24.27. Kenako amagawa nthawi ya wosewera ndi nthawi yoyezerayo, kuchulukitsa ndi 32, n'kuchotsa yankholo pa 48. Wofika pa nthawi yoyezera ndendende amapeza 16. Kuti apeze 20 yonse ayenera kufika pa masekondi 21.2, ndipo kupitirira apo sawonjezeranso kanthu. Ndiye kuti sekondi imodzi ndi malikisi 1.3 okha, amene munthu angawataye pa kutayana kwa miyendo kamodzi. Komabe osewera akafanana pa makhotedwe, sekondi imeneyo imaweruza. Ku Beijing mu 2022 Walter Wallberg wa ku Sweden anapeza 83.23, Mikaël Kingsbury wa ku Canada 82.18, ndipo chimene chinamukweza Wallberg ndi liwiro. Ana a Fomu 2 akhoza kuzikonda samu zimenezi.

Funso: Mwana wanga amangotchula dzina la Kingsbury. Kodi munthu amayamba bwanji mpaka kufika pamenepo, ndipo ntchito imeneyi amaigwira zaka zingati? Mayi wa ku Nkhamenya.

Yankho: Mayi, mwana wanu wasankha munthu woyenera kumutchula. Mikaël Kingsbury anabadwa mu 1992 m'chigawo cha Quebec ku Canada, ndipo palibe mwamuna wina amene wapambana mipikisano ya moguls ya World Cup yochuluka ngati iye. Mbiri yakale inali ya Grospiron, ka 28. Kingsbury anaidutsa mu December 2015 ku Ruka m'dziko la Finland, ndipo anapitirira nayo mpaka kudutsa ka 90.

Makwerero ake ndi ofanana kwa onse. Mwana amaphunzira kutsetsereka pa ma ski ali wamng'ono kwambiri, amalowa kalabu ya moguls cha m'zaka 8 kapena 10, amapikisana m'chigawo chake, kenako m'dziko lake lonse. Akachita bwino amalowa mipikisano ya mayiko oyandikana, monga Nor-Am Cup ku America ndi Canada kapena Europa Cup ku Ulaya, kumene amasonkhanitsa mapointi a FIS. Timu ya dziko ikamutenga ndi pamene amalowa World Cup. Kingsbury analowa mu 2010, ndipo anapambana koyamba mu December chaka chomwecho ku China ali ndi zaka 18. Atsikana ena amafika msanga kuposa apo. Perrine Laffont wa ku France anapikisana ku Olimpiki ya ku Sochi mu 2014 ali ndi zaka 15, n'kudzatenga golide ku PyeongChang mu 2018 ali ndi 19.

Nyengo ya World Cup imayamba mu December, kawirikawiri ku Ruka, n'kutha mu March, ifeyo kuno tili pakati pa dzinja. Osewera amayenda kuchoka ku Finland kupita ku Sweden, France, Canada, America, Kazakhstan ndi kwina. Pampikisano uliwonse onse amatsika kamodzi, 16 apamwamba amalowa ndime yomaliza, ndipo mwa iwo asanu ndi mmodzi amatsikanso kotsiriza, malikisi akuyambiranso pa ziro. Woyamba amatenga mapointi 100, wachiwiri 80, wachitatu 60, mpaka wa nambala 30 amene amatenga imodzi. Wochuluka mapointi pakutha pa nyengo amalandira chikho chagalasi chooneka ngati mpira, Crystal Globe. Kingsbury anatenga chikho chachikulu cha masewera onse a freestyle zaka zisanu ndi zinayi zotsatizana, kuyambira 2012 mpaka 2020.

Chikho chimenechi ndicho muyeso weniweni wa wosewera, ngakhale dziko limakumbukira kwambiri Olimpiki. Olimpiki imabwera kamodzi pa zaka zinayi ndipo imathera pa masekondi 25. Kingsbury, amene ankapambana pafupifupi paliponse, anatenga siliva ku Sochi mu 2014 kumbuyo kwa mnzake wa ku Canada Alexandre Bilodeau, golide ku PyeongChang mu 2018, ndi silivanso ku Beijing mu 2022. Hannah Kearney wa ku America anapita ku Turin mu 2006 ali katswiri wa dziko lonse lapansi, koma analakwitsa atangotera podumpha koyamba ndipo sanalowe n'komwe mu ndime yomaliza. Anadikira zaka zinayi, n'kutenga golide ku Vancouver mu 2010, ndipo pamene ankapuma mu 2015 anali atapambana ka 46 mu World Cup, mofanana ndi Weinbrecht.

Ambiri amapuma asanakwanitse zaka 30. Bilodeau anapuma mu 2014 ali ndi zaka 26 atatenga golide kawiri motsatizana, n'kupitiriza maphunziro a zowerengera ndalama. Muuzeni mwanayo zimenezi, chifukwa masewerawa alibe ndalama ngati mpira. Ochepa apamwamba amapeza za mphoto ndi za makampani owathandiza, ena onse amadalira thandizo la timu ya dziko ndi la makolo, ndipo ambiri amaphunzira sukulu akusewera.

Funso: N'chifukwa chiyani amakhala ndi zigamba za mtundu wina pamawondo? Telala wa pamsika wa Kasungu.

Yankho: Diso la telala silinama. Zigambazo amazisokera dala kuti jaji, amene ali kumunsi kutali, aone bwino mmene mawondo akukwerera ndi kutsika komanso ngati ali pamodzi. Wosewera waluso zimamuthandiza, koma mawondo akangotayana pang'ono zimamuulula. Zida zinanso zili ndi zifukwa zake. Ma ski a moguls ndi opapatiza, pakati pake masentimita 6 kapena kupitirira pang'ono, ndipo ndi owongoka kuposa a mipikisano ina kuti atembenuke msanga pakati pa mitumbira. Ndodo ndi zazifupi chifukwa zimagunda pamwamba pa mtumbira, ndodo yaitali ikanakankhira dzanja m'mwamba n'kugwetsera thupi kumbuyo. Chipewa cholimba chotchinjiriza mutu ndi lamulo.

Funso: Ndikuphunzira unamwino. Mawondo a anthu amenewa amapirira bwanji, nanga amavulala pati kawirikawiri? Wophunzira wa ku Chatoloma.

Yankho: Achemwali, kumene mwayang'anako ndi komwe. Chovulala chodziwika kwambiri ndi kuduka kwa mtsempha wa mkati mwa bondo umene madokotala amautcha ACL, umene umaletsa fupa la mwendo wam'munsi kutsetserekera kutsogolo. Umaduka motere. Wosewera watera atakhalira kumbuyo, mchira wa ski ndi umene wayamba kugunda pansi, jombo yolimba yofika pakati pa mwendo ikukankhira fupa lam'munsi kutsogolo pamene thupi lonse likugwera kumbuyo. Kapenanso mphepete mwa ski imodzi yakodwa mu sinowo, mwendo n'kupotoka bondo litapindika. Ski ndi yaitali, choncho imapotola bondo ngati sipanala. Mtsemphawu sulumikizananso wokha, amachita opaleshoni yoikapo wina wotengedwa pamwendo womwewo, ndipo kubwerera kumpikisano kumatenga miyezi isanu ndi inayi kapena chaka. Kearney anaduka mtsempha umenewu mu 2007, zaka zitatu asanatenge golide.

Kachiwiri ndi msana wam'munsi, chifukwa cha kupinda ndi kugunda kobwerezabwereza. Kenako zovulala za pogwa podumpha: mutu, phewa, nthiti. Kingsbury anathyoka mafupa awiri a msana, T4 ndi T5, akuyeserera ku Ruka kumapeto kwa 2020. Anabwerera mu February 2021 n'kupambana ku Deer Valley m'dziko la America, ndipo mwezi wotsatira anatenga golide awiri pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Almaty m'dziko la Kazakhstan. Koma musatengere pa iye, ameneyo anali ndi mwayi woti mafupawo sanakhudze mtsempha waukulu wa mumsana.

Chitetezo chawo ndi minofu. Amalimbitsa minofu ya kuseri kwa ntchafu, imene imathandiza ACL kugwira fupa, ya m'matako imene imaletsa bondo kugwera mkati, ndi ya pamimba ndi pamsana. Amayeserera kutera ndi mwendo umodzi bondo litalunjika chala chachiwiri cha phazi. Zimenezi n'zothandizanso kwa atsikana athu a netibo, amene bondo lawo limaduka mofananamo potera. Ndiponso mphunzitsi wabwino amawerenga maulendo otsika patsiku n'kumuletsa wosewera akatopa, popeza miyendo yotopa ndi imene imachedwa kutambasuka.

Funso: Ndinaonanso awiri akutsika limodzi. Ndi mpikisano womwewo? Wa kabaza wa ku Chinkhoma.

Yankho: Umenewo ndi dual moguls, achimwene. Awiri amatsika nthawi imodzi, wina mzere wofiira wina wabuluu, ndipo wogonja amatuluka mumpikisano. Majaji asanu ndi awiri ali ndi mavoti asanu aliyense oti awagawire awiriwo, anayi a makhotedwe, awiri a kudumpha, mmodzi wa liwiro, onse pamodzi 35. N'chifukwa chake mumaona zotsatira ngati 20 kwa 15. Kufika poyamba sikupambanitsa pakokha, koma kuona mnzako ali patsogolo kumakopa munthu kuthamanga mopyola muyeso, ndipo kugwa kumachuluka. Mpikisanowu unalowetsedwa pa ndandanda wa Olimpiki ya 2026 ya Milano Cortina ku Italy.

Funso: Ndili ndi zaka 14, ndimatha zipidigoli zakutsogolo ndi zakumbuyo, ndipo ndimayeserera podumphira m'madzi. Kodi Mmalawi angafike ku Olimpiki pa masewerawa? Mnyamata wa ku Chamama.

Yankho: Mwanawe, tiyambe ndi za m'madzizo. Osewera a moguls amaphunziradi zipidigoli pamadzi, koma si mmene ukuchitira iwe. Amayamba pa trampoline, chinsalu cha masipuling'i chimene chimamuponya munthu m'mwamba akadumphapo, atamangidwa lamba wa zingwe amene mphunzitsi wagwira. Akakhoza amapita pa chotsetserekera chokutidwa ndi mapulasitiki, atavala ma ski, chipewa cholimba ndi jekete yoyandamitsa, n'kudumphira m'dziwe lakuya lomangidwira ntchito imeneyo, ndipo m'malo ena amapopera mpweya pansi pake kuti madzi afewe. Amabwereza kudumpha kumodzi kambirimbiri, mpaka mphunzitsi atavomereza, asanakuyese pa sinowo. Madzi a mumtsinje wa Bua kapena Dwangwa ndi akuda, sudziwa pamene pali mwala kapena chitsa, ndipo kuya kwake kumasintha mvula ikagwa. Mutu ukagunda pansi khosi limathyoka, ndipo munthu amafa ziwalo moyo wake wonse. Usadumphire chamutu m'madzi amene sunawayeze, ndipo zipidigoli uzichitira pamchenga wofewa kapena pa matiresi, pali munthu wamkulu wokugwira.

Tsopano funso lako. Malawi anayamba kupita ku Olimpiki mu 1972 ku Munich, koma sanatumizepo munthu ku Olimpiki ya m'nyengo yozizira. Anthu a mu Africa afikako ndithu pa ma ski: Lamine Guèye wa ku Senegal mu 1984, Philip Boit wa ku Kenya mu 1998, Luke Steyn wa ku Zimbabwe mu 2014. Koma amenewa anapikisana pa mitundu ina ya ski, imene khomo lake ndi lotsegukirako kwa mayiko opanda sinowo. La moguls ndi lopapatiza. Malo amakhala pafupifupi 30 a amuna ndi 30 a akazi pa dziko lonse, dziko limodzi silipitirira anthu anayi pa gulu lililonse, ndipo wosewera ayenera kukhala atafikapo mu 30 apamwamba pa World Cup kapena pa mpikisano wa dziko lonse. Ayeneranso kulembetsedwa kudzera ku bungwe la ski la dziko lake lomwe ndi membala wa FIS.

Kubadwira kotentha pakokha si chotchinga. Jakara Anthony, amene anatenga golide wa akazi ku Beijing mu 2022, anabadwira ku Cairns, mzinda wotentha wa ku Australia kumene sinowo sagwa, koma anayamba kupita ku mapiri a sinowo ali mwana. Dziko lake linamanganso dziwe lodumphira ku Brisbane kuti osewera aziyeserera chaka chonse. Chovuta kwa iwe ndi malikisi 60 aja. Chipidigoli ungachiphunzire ku Chamama, koma makhotedwe amafuna zaka zambiri uli pa sinowo. Sinowo wapafupi ndi ife amene munthu angaphunzirirepo ma ski ali ku Afriski m'mapiri a Maluti ku Lesotho, pamtunda wopitirira mamita 3,000, kumene amatsegula kuyambira June mpaka August. Ndi malo abwino oyambirapo, koma si bwalo la World Cup.

Ndiye chimene ungachite chaka chino ndi ichi. Luso limene uli nalo ndi la majimunasitiki, pempha aphunzitsi a masewera kusukulu kwanu akulumikize ndi ofesi ya zamasewera ya paboma kuti upeze wokuphunzitsa mwadongosolo. Limbitsa miyendo ndi kunjuta ndi kudzuka, kulumpha cham'mbali pamwamba pa chingwe miyendo ili pamodzi kwa masekondi 30, kupuma, n'kubwereza kasanu, masiku atatu pa sabata. Gwiritsitsa sukulu, chifukwa njira yodalirika yokafika kudziko la sinowo uli wachinyamata ndi maphunziro, ndipo m'mayiko ngati Canada, Japan ndi Finland muli makalabu amene amalandira oyamba kumene.